Nyumba ya Zaluso ya ku Whitechapel ndi Anansi Ake

Kum'mawa kwa mzinda wa London kuli msewu wotchedwa Whitechapel High Street, umene kutsogolo kwake umasintha dzina n'kukhala Whitechapel Road. Munthu woyenda wapansi mumsewu umenewu amadutsa malo atatu pa mphindi zosakwana 10: nyumba yoonetseramo zaluso ya Whitechapel Gallery, paki yaing'ono ya Altab Ali Park, ndi mzikiti waukulu wa East London Mosque. Kalembera wa mu 2021 anapeza kuti m'boma la Tower Hamlets, momwe muli malo atatuwa, pafupifupi anthu 40 mwa 100 alionse ndi Asilamu, ndipo palibe boma lina ku England ndi Wales limene limafika pamenepo. Ambiri mwa iwo makolo awo anachokera ku Bangladesh.

Nyumba ya zalusoyi inatsegulidwa mu 1901, n'kuti anthu a m'derali ali ena. Oimanga anati ndi ya amphawi okhala pafupi nayo, ndipo kuyambira nthawi imeneyo yakhala ikuchititsa zionetsero, kuonetsa mafilimu ndi kuphunzitsa ana a sukulu. Komatu kumangira munthu nyumba ndi nkhani ina, kuti iye aione ngati yake ndi nkhani inanso. Anansi a Whitechapel Gallery anayenda ulendo wautali. Poyamba anali oitanidwa kudzaphunzitsidwa, kenaka zinthu za kwawo zinayalidwa kuti ena azione, ndipo panapita zaka zambiri asanapatsidwe mpando kuti asankhe okha zoonetsa ndi kudzilankhulira.

Wansembe ndi zithunzi zobwereka

Mu 1873 wansembe wa mpingo wa Angilikani, Samuel Barnett, ndi mkazi wake Henrietta anasamukira ku parishi ya St Jude's ku Whitechapel. Derali linali limodzi mwa madera osaukitsitsa mu London yense. Amuna ambiri ankalawirira m'bandakucha kukaima pazipata za madoko a mtsinje wa Thames kudikira ganyu ya tsiku limodzi, amayi ankasoka zovala ndi kumata timabokosi ta machesi m'chipinda chomwecho chogonamo, ndipo banja lathunthu linkapanikizana m'chipinda chimodzi cha lendi. Kuyambira mu 1881 kunayamba kufika Ayuda ambirimbiri othawa chizunzo mu ufumu wa Russia, nadzaza misewu yozungulira Brick Lane. Mu 1888 dzina la Whitechapel linamveka m'maiko ambiri chifukwa cha amayi amene ankaphedwa usiku ndi chigawenga chimene sichinagwidwe.

Banja la Barnett linkakhulupirira kuti njala ya mphawi siithera pa buledi ndi malasha ootha. Mu 1881 anayamba kubwereka zithunzi zojambula pamanja kwa anthu olemera ndi kwa amisiri eni ake, n'kuzipachika m'zipinda za sukulu ya St Jude's pa tchuthi cha Pasaka. Panali anthu odzipereka ofotokozera alendo tanthauzo la zithunzizo, ndipo potuluka woonayo ankaponya voti kusankha chimene chamutenga mtima. Ankatsegulanso Lamulungu, pakuti ndilo tsiku lokha limene wantchito ankapeza mpata, ndipo zimenezi zinakwiyitsa Akhristu ena amene ankati tsiku lopatulika likunyozedwa. Zionetserozi zinapitirira chaka ndi chaka, anthu akuchulukirachulukira, kufikira zipinda za sukulu zinachepa.

Chifundo cha anthu awiriwa chinali chenicheni. Anakhala pakati pa amphawiwo zaka zambiri, ndipo mu 1884 anakhazikitsa Toynbee Hall, nyumba imene ophunzira a ku Oxford ndi Cambridge ankadzakhalamo kuti aphunzitse ndi kutumikira anthu a m'deralo. Koma m'maganizo mwawo luso linkayenda njira imodzi yokha, kuchokera kumadzulo kwa mzinda kwa olemera, kupita kum'mawa kwa osauka. Wosankha chopachika pakhoma anali wina, woyang'ana anali wina. Voti ya mlendo inkasankha pakati pa zithunzi zimene ena anali atamusankhira kale.

Khomo lotsegukira pamsewu

Mu 1892 pa Whitechapel High Street panatsegulidwa laibulale yaulere, yomangidwa ndi thandizo la John Passmore Edwards, mwini nyuzipepala amene anathandiza kumanga malaibulale ambiri ku England. Pambali pake penipeni m'pamene banja la Barnett linapeza malo omangapo nyumba yokhazikika ya zionetsero. Wojambula mapulani ake, Charles Harrison Townsend, anaika khomo lalikulu lotsegukira pamsewu penipeni, popanda masitepe aatali aja amene amachititsa wovala zantchito kubwerera asanakwere. Munaikidwanso magetsi, kuti woweruka madzulo apeze pakhomo pasanatsekedwe. Chionetsero choyamba, m'mwezi wa Malichi 1901, chinali ndi zithunzi za amisiri monga Rubens, Hogarth ndi Constable, ndipo chinaonedwa ndi anthu 206,000 m'masabata 6.

Nyumbayi inasiyana ndi zinzake zazikulu za mu London pa chinthu chimodzi chimene chikadalipo mpaka lero: ilibe chuma chakechake chosunga. National Gallery ndi British Museum zili ndi katundu wokhazikika amene mlendo amam'peza chaka chilichonse. Whitechapel Gallery imabwereka, n'kuonetsa miyezi ingapo, n'kubweza kwa eni ake, makoma n'kutsala opanda kanthu. Chotero nyengo iliyonse oyendetsa nyumbayi amayenera kuyankhanso funso limodzimodzi, lakuti tsopano aonetsa chiyani, ndipo aonetsa yani. Wofuna kudziwa m'mene nyumbayi inkaonera anansi ake angowerenga mndandanda wa zionetsero zake.

Chionetsero cha 1908

Mkulu woyamba wa nyumbayi, Charles Aitken, anakonda kuonetsa za maiko akutali. Mu 1901 kunali chionetsero cha China, mu 1902 cha Japan, mu 1904 cha India. M'chaka cha 1908 panafika cha luso ndi moyo wa Asilamu a ku Turkey, Persia, Egypt, Morocco ndi India, pansi pa dzina lakuti Muhammadan Art and Life. Chinali chimodzi mwa zionetsero zoyambirira za mtundu wake ku Britain, ndipo chinatsogolera ndi zaka ziwiri chija chachikulu cha ku Munich cha mu 1910, chimene chinasonkhanitsa zinthu pafupifupi 3,600. Pa nthawiyo mfumu Edward VII inkalamulira Asilamu ochuluka kuposa Sultan wa ku Istanbul, pakuti ku India kokha kunali oposa 60 miliyoni. Makolo athu a m'mphepete mwa nyanja analinso m'chiwerengero cha ufumu umenewo, chaka chimodzi dziko litapatsidwa dzina lakuti Nyasaland.

Dzina la chionetserocho lokha likutiuza zambiri. Angerezi ankatcha Asilamu ndi dzina la Mtumiki Muhammad, mtendere ndi madalitso a Mulungu zikhale pa iye, potengera m'mene Akhristu amatchulidwira ndi dzina la Khristu. Asilamu ophunzira a nthawiyo nawonso ankalilemba m'Chingerezi, chifukwa ndilo linali m'malamulo ndi m'mabuku a boma, koma si dzina limene Msilamu amadzitcha nalo, pakuti wopembedzedwa ndi Mulungu yekha. Chionetserocho chinali chaulemu pa muyeso wa masiku amenewo, ndipo chinapatsa wantchito wa ku Whitechapel mpata woona ndi maso ake ntchito za manja a anthu amene ankangowamvera m'nkhani za nkhondo. Komabe Asilamu anaonetsedwamo ngati anthu a kutsidya kwa nyanja.

Chonsecho Asilamu anali pomwepo, pamtunda woyenda wapansi. Sitima za malonda za Britain zinkalemba amalinyero a ku Bengal, Yemen, Somalia ndi kugombe la kum'mawa kwa Africa, ambiri mwa iwo othira malasha m'ng'anjo za pansi pa sitima, pa malipiro ochepa kuposa a mzungu. Sitima ikakocheza ankagona m'nyumba za alendo pafupi ndi madoko, monga Strangers' Home ya ku Limehouse imene inatsegulidwa mu 1857. Mu London munalibe mzikiti womangidwa. Umene unalipo unali ku Woking, kunja kwa mzinda, womangidwa mu 1889. Mu 1910 Syed Ameer Ali ndi anzake anakhazikitsa thumba losonkhera ndalama za mzikiti, ndipo kwa zaka zambiri swala ya Lachisanu inkachitikira m'zipinda zobwereka. East London Mosque inatsegulidwa pa 1 Ogasiti 1941, m'nyumba zogula pa Commercial Road. Kuchokera pamene luso la Asilamu linaonetsedwa ku Whitechapel kufikira pamene Asilamu a m'derali anapeza mzikiti wawo panapita zaka 33.

Phunziro la Ayuda

Anansi oyamba kuwoloka kuchoka pa kuonetsedwa kufika pa kusankha anali Ayuda. Mu 1905 nyumba ya malamulo ya Britain inakhazikitsa lamulo lotchedwa Aliens Act, lochepetsa alendo olowa m'dziko, ndipo aliyense ankadziwa kuti cholinga chake chachikulu chinali Ayuda osauka a kum'mawa kwa Ulaya. Chaka chotsatira Whitechapel Gallery inachititsa chionetsero cha luso ndi zinthu zakale za Ayuda, mogwirizana ndi atsogoleri awo. Pa nthawi yomweyo laibulale ya pambali ija inali itasanduka sukulu ya ana a atelala ndi ogulitsa m'misika, kotero kuti anthu anaitcha yunivesite ya amphawi a dera la Ayuda. M'menemo munkakumana anyamata monga David Bomberg, Mark Gertler ndi Isaac Rosenberg, amene anadzakhala amisiri odziwika.

Mu 1914, pa chionetsero cha luso la zaka zatsopano, Bomberg, mwana wa m'derali, anapatsidwa udindo wosankha zoikidwa m'chipinda cha amisiri achiyuda. Mwana amene ankalowa pakhomo lija kudzaphunzitsidwa anali tsopano wouza ena chopachika. Chinam'fikitsa pamenepo si khomo lopanda masitepe lokha. Panali laibulale yofunda ndi yowala kumene mwana wosowa malo owerengera kwawo ankakhala mpaka usiku, panali mabungwe a Ayuda olipirira ana aluso sukulu, panalinso makolo olola mwana kugwira pensulo. Mu 1932 nyumbayi inayambitsanso East End Academy, chionetsero chimene munthu aliyense wokhala kapena kugwira ntchito kum'mawa kwa Aldgate ankatha kutumizako ntchito ya manja ake. Mwambo umenewu ukupitirira lero pansi pa dzina lakuti London Open.

Jombo patsogolo pa chithunzi

Pa 4 Okutobala 1936 khamu la Ayuda, ogwira ntchito m'madoko ndi anthu a mabungwe a antchito linatseka misewu ya pafupi ndi nyumbayi kuti gulu latsankho la Oswald Mosley lisagube kudutsa m'dera lawo. Patangopita miyezi 6, pa 26 Epulo 1937, ndege za Germany ndi Italy zothandiza kazembe Franco pa nkhondo ya pachiweniweni ya ku Spain zinaponya mabomba pa tauni ya Guernica, tsiku la msika. Pablo Picasso anajambula chithunzi chachikulu cha tsokalo, chotalika mamita 3.5 ndi kutambalala pafupifupi mamita 8, ndi utoto wakuda, woyera ndi wotuwa wokha. Muli mayi wolira atanyamula mwana wakufa, hatchi yolasidwa ndi munthu wokweza manja m'nyumba yoyaka moto.

Chithunzichi chinaonetsedwa poyamba kumadzulo kwa London, kwa olemera, mu 1938. Kumayambiriro kwa 1939 chinabwera ku Whitechapel, ndipo anatsegulira chionetserocho anali Clement Attlee, mtsogoleri wa chipani cha Labour ndi phungu wa Limehouse, amene anadzakhala nduna yaikulu mu 1945. Anthu zikwizikwi anabwera. Kunkakhala ofotokoza chithunzicho, ndipo kunkaonetsedwanso mafilimu a nkhondoyo, kotero kuti amene chithunzi cha Picasso chinam'vuta kumva ankaona pakanema zimene mabomba amachita. Olowa anapemphedwa kubweretsa nsapato za jombo zoti zitumizidwe kwa omenya nkhondo ku Spain, ndipo jombozo zinandandalikidwa patsogolo pa chithunzicho. Pa masabata awiri amenewo anansi anaigwiritsa ntchito nyumbayi pa nkhani imene inali pamtima pawo, ndipo aliyense anabwera ndi chopereka m'manja.

Kutchuka kunja, alendo atsopano pakhomo

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inagumula mbali yaikulu ya kum'mawa kwa London, ndipo pambuyo pake mabanja ambiri achiyuda anasamukira kumadera abwinopo. Pansi pa Bryan Robertson, amene anakhala mkulu kuyambira 1952, nyumbayi inatchuka m'maiko ambiri. Kunachitika This is Tomorrow mu 1956, kenaka zionetsero za amisiri a ku America, Jackson Pollock mu 1958 ndi Mark Rothko mu 1961. Okonda zaluso ankakwera sitima ya pansi pa nthaka kuchokera mbali zonse za mzinda n'kutsikira pa Aldgate East, siteshoni imene khomo lake lili pambali pa nyumbayi. Ulemu unakula, koma zionetsero zimenezi sizinkakhudza kwenikweni moyo wa telala wa ku Brick Lane.

Telalayo tsopano anali munthu wa ku Sylhet, kumpoto chakum'mawa kwa dziko limene mu 1971 linadzakhala Bangladesh. Ana ndi adzukulu a amalinyero aja anatsata njira ya makolo awo, nalowa m'mafakitale aang'ono osokeramo zovala ndi majekete achikopa amene Ayuda ankasiya, ndipo m'zaka za m'ma 1970 anayamba kuitanitsa akazi ndi ana awo. Nyumba ina ya pa Brick Lane imafotokoza kusinthaku popanda mawu: inamangidwa mu 1743 ngati tchalitchi cha Akhristu othawa chizunzo ku France, inakhala sunagoge kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, ndipo mu 1976 inasanduka mzikiti. Akulu amati mlendo ndi mame, koma alendo awa sanakamuke. Anabwera kudzakhala, ndipo ena sanakondwere nazo. Gulu latsankho la National Front linkagulitsa nyuzipepala zake kumathero a Brick Lane, mawindo ankaswedwa, ndipo ana ankamenyedwa popita kusukulu.

Pa 4 Meyi 1978, tsiku la chisankho cha makhansala, mnyamata wosoka zovala dzina lake Altab Ali anabayidwa ndi mpeni n'kufa akuchokera kuntchito, pafupi ndi paki ya St Mary's, kutsidya kwa msewu kuchokera pa Whitechapel Gallery. Patapita masiku 10 anthu pafupifupi 7,000 anaguba pambuyo pa bokosi lake kudzera ku Hyde Park mpaka ku Downing Street, kunyumba ya nduna yaikulu. Imfa imeneyi inadzutsa achinyamata achibengali, amene anakhazikitsa mabungwe odziteteza ndi kuyamba kulowa m'makhonsolo. Paki ija, pamene kale panali tchalitchi choyera chimene chinapatsa derali dzina lakuti Whitechapel, inatchedwa Altab Ali Park mu 1998.

Nyumba itembenukira kwa anansi

Mkulu wa nyumbayi pa nthawiyo anali Nicholas Serota, amene anafika mu 1976. M'nthawi yake munakhazikitsidwa nthambi ya maphunziro a anthu a m'dera, ndipo kuyambira 1979 Jenni Lomax anakulitsa ntchito yotumiza amisiri kukakhala m'sukulu za kum'mawa kwa London, kumene ana ambiri anali achibengali. Mmisiri ankagwira ntchito yake ana akuona, nawo n'kumayesa ndi manja awo, kenaka n'kubwera nawo kuchionetsero. Kumapeto kwa 1979, chaka ndi theka chiphedwere Altab Ali, kunachitika Arts of Bengal, chionetsero cha luso la Bangladesh ndi kum'mawa kwa India, mogwirizana ndi Victoria and Albert Museum. Mwana amene ankauzidwa pamsewu kuti abwerere kwawo anatha kuona dzina la kwawoko litalembedwa pakhomo la nyumba yolemekezeka ya m'dera lake.

Mu 1988 kunabwera Woven Air, chionetsero cha nsalu za mitundu iwiri za ku Bangladesh. Woyamba unali muslin, nsalu yathonje yopyapyala kwambiri imene amisiri a ku Dhaka ankaomba n'kuvalidwa ndi mafumu a Mughal, mpaka ulamuliro wa East India Company ndi nsalu zotchipa za m'mafakitale a ku Lancashire zinagwetsa malonda ake. Wachiwiri unali kantha, chofunda chimene amayi a kumudzi amapanga posanjikiza nsalu zakutha n'kuzisoka ndi ulusi mwa maonekedwe a maluwa ndi zina. Kwa dera limene anthu ake ankadya za makina osokera, chionetserochi chinanena chinthu chachikulu: anthu amene London inkawaona ngati antchito otchipa anali adzukulu a amisiri amene nsalu zawo zinkasiririka ku Ulaya konse, ndipo chofunda cha agogo ndi luso loyenera kupachikidwa pakhoma limene panapachikidwa Picasso.

Tebulo lozungulira ndi chipinda cha kanema

Mu 2005 laibulale yakale ija inatsekedwa, mabuku n'kusamukira kunyumba yatsopano yotchedwa Idea Store pa Whitechapel Road. Whitechapel Gallery inatenga nyumba ya laibulaleyo, niilumikiza ndi yake pa mtengo woposa mapaundi 13 miliyoni, ndipo inatsegulidwanso mu Epulo 2009. Panali kupindula, panalinso kutaya, pakuti chipinda chowerengera chimene chinalera mibadwo ya ana a alendo, Ayuda poyamba ndi Abengali pambuyo, chinaleka ntchito yake yakale. M'chipinda chomwecho mmisiri wa ku Poland, Goshka Macuga, anapachika chinsalu choluka chofanizira Guernica, chobwerekedwa kulikulu la United Nations ku New York. Chinsaluchi ndi chomwe chinaphimbidwa ndi katani ya buluu mu Febuluwale 2003, pamene Colin Powell anapita kukapempha maiko kuvomereza nkhondo ya ku Iraq. Akuluakulu a bungwelo anati anachita izi kaamba ka makamera a atolankhani, koma ambiri sanakhutire ndi yankho limenelo.

Patsogolo pa chinsalucho Macuga anaika tebulo lozungulira ndi mipando, ndipo kwa chaka chathunthu gulu lililonse linkaloledwa kuchitirapo msonkhano wake kwaulere. Chofunika chinali chimodzi chokha: kuti lisiye zolemba kapena zithunzi za msonkhanowo kuti zisungidwe m'nkhokwe ya mbiri ya nyumbayi. Apa zinthu zinali zitatembenuka kuchokera m'masiku a Barnett. Mlendo ankabwera ndi nkhani yake, n'kuikamba yekha, ndipo mawu ake ndiwo ankasungidwa.

Mafilimu nawo anapeza malo okhazikika. Nyumbayi ili ndi chipinda cha kanema, ndipo mu 2008 inayambitsa mgwirizano umene lero umatchedwa Artists' Film International. Nyumba za zaluso za m'mizinda yosiyanasiyana, monga Istanbul Modern ku Turkey ndi Fundación Proa ku Buenos Aires, iliyonse imasankha filimu ya mmisiri wa kwawo, ndipo mafilimuwo amazungulira kuonetsedwa m'nyumba zonsezo. Wosankha filimu ya ku Istanbul ndi wa ku Istanbul komweko. Zomwezi zinaoneka mu 2010 pa Where Three Dreams Cross, chionetsero cha zithunzi za kamera za zaka 150 zochokera ku India, Pakistan ndi Bangladesh, zojambulidwa ndi anthu a m'maikowo, ndipo mwa osankha munali Shahidul Alam wa ku Dhaka. Kuyambira 2015 mpaka 2017 kunaonetsedwa luso lamakono la maiko a Aluya kuchokera ku Barjeel Art Foundation ya ku Sharjah, losankhidwa ndi Omar Kholeif. Patapita zaka zoposa 100 chichitikire chionetsero cha 1908, wobwereketsa, wosankha ndi wojambula anali a kumaiko oonetsedwawo.

Zotsala pakhomo

Ulendowu sunathe. Lendi ya nyumba ku Whitechapel yakwera kwambiri chifukwa derali lili pafupi ndi likulu la mabanki, ndipo mabanja ambiri achibengali akusamukira kutali chakum'mawa, monga anachitira Ayuda. Zionetsero zina zazikulu n'zolipira. Ndipo sikuti chilichonse chopachikidwa m'nyumba yotere chimagwirizana ndi chikumbumtima cha Msilamu, pakuti mabanja ambiri amasamala pa nkhani ya zithunzi za zamoyo ndi pa nkhani ya manyazi. Kholo limalowamo monga limalowera mumsika, likudziwa chogula ndi chosiya, ndipo limayamba lafunsa chimene chikuonetsedwa lisanatenge ana. Koma mbiri ya Whitechapel ikusonyeza kuti kukhala kutali sikuletsa kuonetsedwa. Mu 1908 luso la Asilamu linayalidwa amalinyero achisilamu ali kudoko, ndipo dzina la pakhomo linali limene ena anasankha.

Abale ndi alongo, m'makomo mwathu mulinso zinthu zimene tsiku lina wina adzabwera kudzabwereka kuti akaonetse: kitabu chakale cholembedwa pamanja, thabwa limene agogo anaphunzirirapo zilembo, chisoti chosokedwa ndi ulusi, chithunzi cha mzikiti woyamba wa pamudzi. Kubwereketsa n'kwabwino, ndipo nthawi zambiri ndiko kumapulumutsa zinthu zotere ku chiswe ndi kudontha kwa denga. Koma wobwereketsa afunse mafunso amene anansi a ku Whitechapel anatenga zaka zambiri kuti aloledwe kufunsa. Wosankha zoonetsa ndani, ndipo pagulu lawo pali wathu? Kapepala kofotokoza katunduyu adzalemba ndani, m'chilankhulo chanji, ndipo tidzakawerenga kasanapachikidwe? Ana a pamudzi pano adzalowa bwanji kukaona? Ndipo chikatha chionetsero, chinthucho chidzabwerera m'manja mwa yani, tsiku liti? Mayankho ake alembedwe papepala, mboni zilipo, katunduyo asanatuluke pakhomo.